Lusaka Ilibe Phiri la Moto, Nanga Bwanji Timakonda Kuona Town Ikupsa?

Imani pa Kafue roundabout, muyang'ane mbali zonse zinayi. Phiri mwaliona? Kulibe. Lusaka inakhala pamalo afulati ngati thebulo, ndipo chinthu chachitali chimene maso anu azagwira ni Findeco House chabe. Zambia yonse ilibe phiri la moto limene likuphulika masiku ano. Koma ikani filimu ya volcano pa TV, muzaona nyumba yonse yakhala chete, olo ambuya amene amati mafilimu ni zachibwana asendeza mpando pafupi. Manje pa weekend ino valani nsapato zabwino, konzani ya basi, tizungulire town na mafilimu amenewa m'mutu, tione chimene chimatikoka.

Cairo Road: chiphalaphala pa traffic

Yambirani pa Cairo Road cha m'ma 17 awazi, pamene anthu akomboka. Mamotoka aima, ma conductor akukuwa, amayi ogulitsa zipatso akupinda malonda, aliyense ali pa tamanga. Apa ndiye pabwino kukumbukira Volcano ya mu 1997. Mufilimu imeneyo phiri la moto silili kutali kuthengo ayi, likutulukira pakati pa town ya Los Angeles, ndipo chiphalaphala chamoto chikuyenda mumsewu waukulu wa Wilshire Boulevard monga basi yopanda mabuleki. Tommy Lee Jones ndiye bwana wa ofesi yoona za ngozi, tinene kuti DMMU yakwawo. Iye na anzake akutchinga msewu na zipupa za konkire, mahelikopita akuthira madzi, ndipo pamapeto akugwetsa nyumba yosanja yathunthu kuti moto upatuke ulowere kunyanja.

Manje ikani zimenezi pa Cairo Road. Kuchoka pa Kabwe roundabout kufika pa Kafue roundabout nthawi ino, ndani angafike msanga, chiphalaphala kapena imwe muli mu basi? Apa ndiye pali kukoma koyamba kwa mafilimu awa: amatenga msewu wamba, wokhala na marobot na mashopu monga wathu, n'kuusandutsa ng'anjo. Ukamaonera, m'mutu umakhala ukupanga mapu ako: ine ningathawire ku Lumumba, olo nidutse njanji nilowe ku Kamwala.

Musaseke maningi za kuthira madzi pa moto wa phiri. Mu 1973 pa chilumba cha Heimaey ku Iceland, anthu anapopa madzi a m'nyanja kwa miyezi kuthira pa chiphalaphala, ndipo doko lawo linapulumuka. Bodza la Hollywood lili pa nthawi chabe: iwo amatsiriza ntchito yonse usiku umodzi.

Kabwata: filimu imakoma na gulu

Kwerani basi ya ku Kabwata, mutsike pa Burma Road pafupi na Kabwata Cultural Village. Tinyumba tozungulira tamene muona paja ni totsala pa nyumba zimene atsamunda anamangira anthu akuda obwera kuzagwira ntchito mu Lusaka. Lero muli osema ziboliboli, ong'amba ng'oma na ogulitsa vitenge. Mukatsiriza kuona, lowani mu barbershop iliyonse imene ili na TV. Filimu ya ngozi siifuna munthu mmodzi, imafuna gulu, chifukwa theka la kukoma kwake ni ndemanga za oonera.

Tengani Dante's Peak, nayonso ya mu 1997. Pierce Brosnan, amene nthawi imeneyo anali James Bond, ni katswiri wa mapiri amene wafika m'katauni kakang'ono n'kuona kuti zinthu sizili bwino: mitengo ikuuma, madzi akusintha, anthu awiri apsa mu kasupe wotentha. Akuuza akuluakulu kuti chenjezani anthu. Bwana wake akuti dikirani, muzathawitsa a mabizinesi. Apa mu barbershop muzamva wina akuti, "Mudala uyu azaphetsa anthu!" Ndiye pali ambuya aja okana kuchoka panyumba pawo paphiri, mpaka adzukulu kuwatsatira. Aliyense ali na mbuya wotere kumudzi, amene olo madzi afike pakhomo azakuuzani kuti ine ninabadwira pano. Pamene boti yawo yayamba kudyeka na madzi a asidi panyanja, ndipo ambuyawo atsika kuti akankhe boti adzukulu apulumuke, olo ometa amaimitsa makina.

Zina n'zoseketsa. Motoka ikudutsa pamwamba pa chiphalaphala, matayala akuyaka, koma ikupitirira kuyenda. Chiphalaphala chenicheni chimatentha kupitirira madigiri 1,000. Funsani makanika aliyense wa mu Kabwata akuuzeni zimene zingachitike ku thanki ya petulo. Ndipo galu, monga mwa masiku onse, sakufa. Anthu angathe onse, koma galu wa mufilimu amatuluka na mchira wake.

Woodlands na Kabulonga: moto sudziwa mpanda

Pitirirani kulowera ku Woodlands. Misewu yayamba kutakasuka, mitengo yachuluka, mipanda yatalika. Dutsani pa Woodlands Stadium, kwawo kwa City of Lusaka, mukhotere ku Kabulonga. Kuno pamwamba pa mipanda pali waya wa magetsi, pamatenga pali ma solar, kuseri kuli jenereta na borehole. Koma kungoyenda pang'ono chabe mwafika ku Mtendere na Kalingalinga, kumene ambiri ogwira ntchito m'mayadi amenewa amagona.

Apa ndiye pali kukoma kwachiwiri, kumene ambiri sitikutchula. Mufilimu ya volcano, moto sudziwa kuti uyu ni wa kumayadi, uyu ni wa mu komboni. Pamapeto a Volcano anthu onse aphimbika na phulusa, wakuda na mzungu osazindikirika, ndipo kamwana kakudabwa kuti nkhope zonse zafanana. Mu Pompeii ya mu 2014, ya Kit Harington uja wa Game of Thrones, phiri la Vesuvius la m'chaka cha 79 likukwirira kapolo na bwana wake tsiku limodzi, ndipo olo sitaringi sakupulumuka. Kwa munthu amene amadzuka 04 awazi kukasesa nyumba ya wina, kuona zimenezi kwa maola awiri kumatsitsa kamtima.

Filimu imene inanena zoona pa nkhani ya ndalama ni 2012, imene inatuluka mu 2009. Yellowstone ikuphulika, dziko likung'ambika, koma zombo zopulumukira zilipo, ndipo tikiti yake ni ma euro 1 biliyoni munthu mmodzi. Amene anamanga zombozo na manja awo akutsala panja pa geti. Katswiri amene akulimbana kuti geti itsegulidwe ni Chiwetel Ejiofor, yemwe uja mu 2019 anapanga The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, ndipo analankhula Chichewa mufilimuyo. Chokoma china: pamapeto zombo zija zikulunjika ku Africa, chifukwa ndiko kwatsala mtunda wouma. Visa azaipempha ndani tsiku limenelo?

Ngozi zathu zimasankha

Manje tiyeni tikambe zoona. Ngozi za mu Lusaka sizili ngati za mufilimu, chifukwa zathu zimadziwa adiresi. Town ino inakhala pa mwala wa laimu, ndipo m'malo ambiri madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa yamphamvu, ku Kanyama, Misisi na mbali zina za Chawama madzi amasowa kopita, amalowa m'nyumba, amasefukira m'zimbudzi zokumba, n'kusakanikirana na a m'zitsime. Kolera imene inayamba mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno, ambiri mu Lusaka. National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulira mpaka pa 12 February 2024. Patangopita masabata ochepa, pa 29 February, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza chilala kukhala ngozi ya dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, malaiti anayamba kupita pafupifupi tsiku lonse. Wa solar anapitiriza kuonera filimu yake. Wa barbershop, wowotcherera na wogulitsa ma freezit anangokhala manja lende.

Nanga madzi a asidi aja a mu Dante's Peak? Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka kufupi na Chambishi, asidi analowa m'mitsinje yothira mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo Kitwe inatsekeredwa madzi. Kafue yemweyo ndiye amatipatsa gawo la madzi amene timamwa muno mu Lusaka. Panalibe phiri lophulika, panalibe nyimbo yoopsa kumbuyo.

Ndiye mwina n'chifukwa chake timakonda volcano. Ngozi yake imaoneka na maso, ili na poyambira na pothera, ndipo katswiri amene anachenjeza amamveka pamapeto. Kolera siioneka pa kapu ya madzi, ndipo siitha pa maola awiri.

Kwa anansi athu si filimu

Musanaseke kwambiri pamene munthu akusungunuka pa TV, kumbukirani kuti mu Lusaka tili na abale ochokera ku Congo, ndipo kum'mawa kwa dziko lawo kuli Nyiragongo. Pa 17 January 2002 phiri limeneli linang'ambika, chiphalaphala chinadutsa pakati pa mzinda wa Goma, chinakwirira mbali ya bwalo la ndege n'kukathira mu nyanja ya Kivu. Anthu mazana a zikwi anathawa, ambiri kuwolokera ku Gisenyi ku Rwanda, ndipo oposa 100 anafa. Pa 22 May 2021 linaphulikanso usiku, anthu oposa 30 anataya miyoyo, mabanja anabalalika mumdima, ana kusokonekera makolo. Ngati muonera na mnzanu wa ku Goma, mufunseni kaye ngati ali bwino na filimu yotere.

Nkhani ya kumvera chenjezo nayo si ya Hollywood chabe. Pa 13 November 1985 ku Colombia, phiri la Nevado del Ruiz linasungunula madzi oundana pamwamba pake, matope anatsika usiku n'kukwirira tauni ya Armero. Anthu pafupifupi 23,000 anafa, chikhalirecho akatswiri anali atajambula kale mapu oonetsa kuti tauniyo ili pangozi. Mu 1991 ku Philippines, phiri la Pinatubo linaphulika mwamphamvu kuposa pamenepo, koma anthu zikwizikwi anali atasamutsidwa kale, ndipo ambiri anapulumuka. Kusiyana kwake kunali pa kumva.

Chelstone na Great East Road: kumene nthaka imatentha

Tsirizani ulendo na kum'mawa. Kwerani ya ku Chelstone, mudutse Manda Hill na Arcades, kumene mungaonere filimu pa chinsalu chachikulu ngati thumba lilola, mudutse UNZA na Munali, mpaka muone thanki ija ya madzi. Ana a ku Chelstone, pepani, koma thanki imeneyo ndiyo phiri lanu. Mukagona kumeneko, m'mawa pitirirani na Great East Road, mudutse Chongwe, mufike pa Chinyunyu. Pamenepo madzi otentha amatuluka pansi okha, m'mawa kukazizira nthunzi ikuoneka bwinobwino. Musathawe, si volcano. Madzi a mvula amalowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya miyala, kumeneko miyala ni yotentha, ndiye amabwerera kumtunda atatentha. Koma musalumphiremo monga aja a mu Dante's Peak. Yesani kaye na chala, ndipo ana muwagwire padzanja.

Amene afuna phiri la moto lenileni, lapafupi lili kuseri kwa Nakonde. Mukawoloka pa Tunduma kulowa Tanzania, kufupi na Mbeya kuli Rungwe na Ngozi, mapiri a moto amene akugona, ndipo pamwamba pa Ngozi pali nyanja mkati mwa chibowo chake. Inde, dzina lake ni Ngozi, sitinapeke ise. Sitima ya TAZARA yochokera ku Kapiri Mposhi imadutsa pa Mbeya.

Manje muonere iti?

Ngati mufuna kuseka na kukuwa na anzanu, tengani Volcano. Ngati mufuna imene ili pafupi na zoona, Dante's Peak. Ngati muli na chibwenzi chokonda kulira, Pompeii. Ngati malaiti alipo maola atatu athunthu, 2012. Ndipo ngati mufuna moto weniweni wopanda makompyuta, funani Fire of Love ya mu 2022, nkhani ya Katia na Maurice Krafft, mwamuna na mkazi wake a ku France amene ankajambula mapiri akuphulika mpaka phiri la Unzen ku Japan linawapha mu 1991.

Chajani foni, kazingani mbuliuli, itanani a neba. Koma mukamunyoza bwana uja wokana kumva chenjezo, kumbukirani ngalande ya pakhomo panu imene yadzala mabotolo na mapulasitiki. Mvula ya November siili kutali. Chotsani zinyalala, gulani klorini, ndipo a zaumoyo akanena kuti wiritsani madzi, wiritsani.