Ulendo wa ku Mitundu ndi ku Nathenje: Nzeru za Chikombole

Amayi anzanga, mukadzatuluka mu mzinda wa Lilongwe kulowera kummwera, mudzayang'ane bwino m'mbali mwa msewu wa ku Mitundu. Phiri la Bunda lili apo, ndi sukulu yake ya zaulimi patsinde. Koma njinga zosenza makala zimene mudzakumane nazo zikukuuzani kuti nkhalango ya Dzalanyama ikuperepeseka. Mitengo ikatha, woyamba kuvutika ndi mayi wophika.

Nchifukwa chake m'chaka cha 2013 boma lidalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosatha nkhuni zikwane 2 miliyoni. Yodziwika mwa izo ndi Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dothi, ndipo ambiri oumba ndi magulu a amayi. Chikombole chake chimakhala chachitsulo kuti mbaula zonse zifanane msinkhu ndi kuchindikala. Dothi lonyowa limakakamira chitsulo, choncho yalanimo kansalu musanatsendere dothi. Mbaulayo iumire pamthunzi, dzuwa limaing'alula.

Mukachoka ku Mitundu, pitani ku Nathenje pa msewu wa M1 wopita ku Dedza. M'madambo a kumeneko mudzaona mauvuni a njerwa. Oumba njerwa amakonda chikombole cha matabwa ouma ndi osalala, chifukwa thabwa laliwisi limapindika ndipo njerwa zimatuluka zokhota. Amachiviika m'madzi kapena kuwazamo mchenga kuti dothi lichoke msanga.

Lamulo nlomwelo kwa inu amene mwayamba kupanga ndolo ndi mikanda ndi utomoni wamakono wotchedwa resin. Utomoniwu umamatirira thabwa, galasi ndi chitsulo ngati ulimbo. Chikombole choyenera ndi cha silikoni, chimene chimapindika nkumasula chinthu chanu chosasweka. Timabakuli ta pulasitiki tolembedwa PP kapena nambala 5 kunsi kwake natonso sitigwira. Dziwaninso kuti utomoniwu umatentha pamene ukuuma, kotero pulasitiki wopyapyala akhoza kufota. Sakanizirani pamalo popita mphepo, manja ali ophimba, ana ali kutali, ndipo chiwiya chimenecho chisabwererenso kukhitchini.

Tsono, amayi, musanataye ndalama yanu, funsani zinthu zitatu: kodi chikombolechi chipirira chinyezi ndi kutentha? Kodi chimasula chimene ndathiramo? Nanga chikhalitsa? Yesani kaye ndi kanthu kakang'ono. Kufunsa ndi kudziwa njira.