Mayi awo a agogo anali yani?

Matenda ofufuza makolowa anandigwira pa maliro. Amalume aakulu atatisiya kumudzi kwathu kufupi ndi Luchenza, akubanja anandisankha kuti ndiwerenge mbiri ya malemu, poti ndine amene ndimakhala m'tauni. Usiku wa siwa, kwaya ili mkati, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope. Chaka chobadwa ndinachitenga pa chiphaso cha unzika, ngakhale tonse tinkadziwa kuti chakacho anangochiponya polembetsa mu 2017. Ana ndi zidzukulu tinawerenga bwinobwino. Koma nditafunsa kuti kodi mbumba yathuyi inachokera kuti, anthu anangoyang'anana. Wina anati kwa Apwitikizi, wina anati ayi, ndife a pompano. Agogo, amene akanatilanditsa, anali m'nyumba akulira mwana wawo. Mbiri ija ndinaiwerenga yoduka mutu, ndipo manyazi ake sanandichoke.

Nditabwerera ku Blantyre ndinayamba kusakatula pa intaneti, n'kupeza kuti kunjaku kufufuza makolo ndi chizolowezi cha anthu ambiri. Ku England mapepala a kalembera amawatsegula pakatha zaka 100, ndipo a 1921 anatulutsidwa mu 2022. Munthu amalemba dzina pa kompyuta, n'kuona nyumba imene agogo ake anagona usiku wa kalemberayo, ntchito yawo, ndi ana onse mmodzimmodzi. Ndinati basi, ine ndapata. Nafenso tinali pansi pa Angerezi omwewo, ndipo Nyasaland inawerengedwa mu 1911, 1921, 1926, 1931 ndi 1945. Ndinapempha tchuthi cha masiku awiri, n'kukwera minibasi ya ku Zomba, kumene kuli National Archives of Malawi.

Kumeneko ndiko ndinaphunzira chinthu choyamba: ife sanatilembe, anatiwerenga. Malipoti a kalembera wa atsamunda ali ndi manambala a maboma, a mitundu, amuna angati, akazi angati. Dzina la munthu wakuda wamba mulibe. Ngakhale dzina loti Thyolo mulibemo, pakuti azungu ankalemba Cholo, ndipo Mulanje ankati Mlanje. Ndinatsala pang'ono kutseka kope n'kumapita.

Chimene chinandikhazika pampando ndi mzere umodzi wa manambala. Pansi pa mutu woti Nguru, dzina limene Alomwe ankalimva ngati chitonzo, panali anthu oposa 120,000 mu 1921. Pofika 1931 anapitirira 235,000, ndipo mu 1945 anali pafupifupi 380,000. Palibe mtundu umene ungaswane chotero ndi mimba zokha. Anthuwa ankabwera wapansi, akuwoloka Ruo ndi Muloza, kuthawa misonkho, ntchito yakalavulagaga ndi nkhondo za Apwitikizi. Ndinayang'ana nambala ya 1921 ija nthawi yaitali, tsitsi likuchita ngati likuyenda, pozindikira kuti wina mwa anthu 120,000 amenewo ndi wanga. Sindinamupeze, koma ndinapeza khamu limene anayendamo.

Kuchokera pamenepo zina zinayamba kulumikizana zokha. Obwerawa anapeza malo abwino a Cholo ali kale m'manja mwa makampani monga British Central Africa Company, ndipo pokhala anapapeza pa maesiteti. Mtengo wake unali thangata. Liwu limene kwathu linkatanthauza kuthandizana, pa esiteti linasanduka ntchito yolipirira malo okhala, kuwonjezera pa msonkho wa boma. Mwezi sunkawerengedwa pa kalendala koma pa tikiti: kapitawo akapanda kuchonga tsikulo, ndiye kuti simunagwire. Thangata ndi limodzi mwa madandaulo amene anautsa John Chilembwe mu 1915, ndipo linatha mwalamulo mu 1962. Tiyi amene ndakhala ndikumujambula pa windo la minibasi, wobiriwira ngati kapeti kuyambira Bvumbwe mpaka Makwasa, wa ku Satemwa kumene Maclean Kay anayamba mu 1923, wa kwa Conforzi, wa ku Naming'omba, anayamba kuoneka mwina m'maso mwanga.

Koma manambala sanena kuti mayi awo a agogo anali yani. Ndinagula shuga, sopo ndi mulu wa usipa, n'kubwerera kumudzi.

“Mwabwera amuna anga,” anatero agogo, monga amanditchulira kuyambira ndili wamng'ono. “Lero mwatenga kope, mukufuna kundilemba ntchito?”

“Ayi agogo, ndikufuna mundiuze za amayi anu.”

“Za amayi angazo mukufuna mukazigulitse kuti?”

Tsiku loyamba sindinapindule kanthu, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinkafunsa ngati wapolisi: munabadwa chaka chanji, amayi anu dzina lawo ndani. Munthu wa msinkhu wawo satchula dzina la kholo lake chisawawa, ndipo zaka sazisunga ndi manambala. Mawa lake ndinabisa kope, n'kukhala nawo pa mphasa tikusenda nandolo. Ndinawafunsa za kalongonda, nyemba zija amaziphika tsiku lathunthu n'kumataya madzi. Apo ndiye anamasuka. Anati amayi awo ankaphika kalongonda pa njala yaikulu, iwo ali buthu, asanavinidwe. Njala imeneyo ndi ya 1949. Anati anavinidwa chaka chimene anthu anagwetsa mitengo m'misewu, asilikali n'kubwera ndi mfuti. Chimenecho ndi chipwirikiti cha mu Ogasiti 1953, chimene chinayambira pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza pa nkhani ya malalanje, anthu 11 n'kuphedwa. Mwana wawo woyamba, amalume aja, anabadwa Kamuzu atangobwera, ndiye kuti 1958 kapena chaka chotsatira. Chiphaso cha amalume chija chinawakometsera ndi zaka zinayi.

Usiku umenewo sindinagone. Ndinali nditapeza njira: agogo amanena chochitika, mabuku a ku Zomba amanena chaka. Aliyense payekha ndi woperewera, koma ukawaphatikiza, mbiri imaima.

Vuto lina ndi la maina. Mabuku a boma ankafuna mwamuna wokhoma msonkho, a pa esiteti ankafuna dzanja logwira khasu, pamene mtundu wathu umayenda ndi akazi. Mwamuna ndi mkamwini, amabwera n'kupita, mudzi ndi wa mbumba. Komanso munthu mmodzi ankatha kukhala ndi maina atatu: la paubwana, la kuchinamwali ndi la ubatizo, osawerengera lija la pa ntchito. Maina ngati Supuni, Tebulo ndi Sikelo amene timaseka lerowa, ambiri anabadwira pa mzere wa malipiro, kalaliki atalephera kulemba dzina lenileni kapena mwini wake atalibisa dala. Dzina la bambo limene ife timaliyesa la banja, nthawi zambiri ndi dzina loyamba la agogo aamuna, lopanda zaka ngakhale 80.

Agogo ndiwo anandilozera kotsatira, mosadziwa. Anati amayi awo anabatizidwa ali kale ndi mawere, atayenda ulendo wa tsiku lonse kupita ku mishoni. Kwathu ku Thyolo amishoni analemba anthu kalekale boma lisanaganize zotero. Malamulo, ya a Seventh-day Adventist ku Makwasa, ndi ya 1902. Athu anali Akatolika, choncho ndinapita ku parishi yakale imene inkayang'anira dera lathu. Bambo mfumu anandimvetsera, n'kundipereka kwa katekisiti wachikulire amene anatulutsa mabuku atatu m'kabati. Timitu ta m'mizere tinali m'Chilatini, inki itasanduka yofiirira, m'mphepete mwa masamba njenjete zitalawa. Tinatsegula tsamba ndi tsamba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.

Tinawapeza m'zaka za m'ma 1930. Dzina la ubatizo, mudzi wake womwewo, ndipo pambali pake mizere iwiri imene sindinaiyembekezere: dzina la bambo wawo ndi la mayi wawo. Mayi wawoyo ndiye uja anawoloka. Dzina lake silinali la Chichewa, ndipo wansembe amene analilemba anachita kulimbana nalo, anafufuta n'kulembanso. Ndinalijambula ndi foni manja akunjenjemera. Katekisiti anangoseka, nati: “Achimwene, mwalira ngati mwalandira malipiro.”

Dzinalo sindilitchula pano, ndi la pa banja. Nditakawawerengera agogo, anakhala chete, kenako anandikonza katchulidwe. Analidziwa nthawi yonseyi, koma panali patatha zaka makumi angapo asanalimve pakamwa pa munthu. Ndiye anayamba kulankhula Chilomwe, chimene ine sindimva kupatula moni, nati gogo wawoyo anali Mmihavani, mtundu wina wa Alomwe, ankaloza kum'mawa chiperoni chikayamba, n'kumati mvula yakwathu yatilondola. Ine ndinali ndisanadziwe n'komwe kuti kamvula kamene kamanyowetsa tiyi wa Thyolo kanatenga dzina ku phiri la Chiperone, ku Mozambique.

Tsopano kope loyamba ladzala, ndili pa lachiwiri. Mayi a kunyumba ayamba kuwerengera ndalama za minibasi, ndipo sindingawatsutse. Kumaliro ndimakhala pafupi ndi nkhalamba, ku manda ndimawerenga ziliza za eni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, ndipo ndikamadutsa pa msika wa Bvumbwe ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa iwo amene angatchule dzina la amene anawoloka. Ku Chonde, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, timavina tchopa ndi kudya kalongonda chaka chilichonse, ndipo n'zabwino, koma mtundu wonse suvuta kuukumbukira. Chovuta ndi mayi mmodzi, dzina lake ndi njira imene anadzera.

Inu amene agogo anu akadali moyo, musayambire ku Zomba ngati ine. Gulani shuga, kope mulisiye m'thumba, ndipo mukafunse za njala ya 1949.