Metsimotlhabe: kumene nkhondo yaikulu ndi ya pakamwa

Msewu wochoka mumzinda wa Gaborone kupita ku Molepolole, likulu la anthu a mtundu wa Bakwena, umayamba wadutsa m'chipwirikiti cha Mogoditshane, momwe ogulitsa galimoto zogwirapo kale ntchito andanda mbali zonse ziwiri. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 nyumba zimayamba kupatukana, mitengo yaminga n'kuonekera, ndipo waulendo amafika pa mudzi wa Metsimotlhabe. Dzinali n'la mtsinje umene udadutsa pamenepo. M'Chitswana, metsi ndi madzi ndipo motlhaba ndi mchenga. Miyezi yambiri pachaka mtsinjewu umaoneka ngati msewu wamchenga, koma mlimi wa ku Chikwawa kapena ku Tete sanganamizike: amadziwa kuti mchenga wotere umafungatira madzi, ndipo wofukula amamwetsa ziweto zake ngakhale m'chilimwe.

Dziko la Botswana silidamenyanepo nkhondo yapachiweniweni chilandirire ufulu wodzilamulira mu 1966. Wina angadabwe kuti wophunzitsa atsogoleri a m'midzi za kuyanjanitsa anthu akatolako chiyani kumalo kopanda mabala a nkhondo. Yankho lili pa kgotla, lomwe ndi bwalo la mfumu. Monga m'midzi ina ya dzikolo, pabwalo m'pamene milandu imaweruzidwa, m'pamene anthu amasankha komiti ya chitukuko cha m'mudzi, m'pamenenso nduna ya boma imaimirira n'kumayankha mafunso a munthu woweta mbuzi. Atswana ali ndi mwambi woti ntwa kgolo ke ya molomo, kutanthauza kuti nkhondo yaikulu ndi ya pakamwa. Aliyense wopempha mpata amayankhula, ngakhale mawu ake atakhala owawa, ndipo mfumu imadikira kuti onse akhuthule za kukhosi isanamange mfundo. Maloya saloledwa kudzaimira munthu pa milandu ya pabwalo. Zimatenga nthawi, inde, ndipo mlendo wozolowera misonkhano ya mphindi zowerengeka amayamba kuyasamula. Koma munthu amene wamvedwa pagulu kawirikawiri sabwerera kunyumba kukanola nkhwangwa.

Si zonse zapabwalo zimene zili zosiririka. Kale amayi, achinyamata ndi mitundu yomwe inkaonedwa ngati yapansi, monga Basarwa ndi Bakgalagadi, ankakhala chakumbuyo, mawu awo osalemera. Zinthu zidasuntha pang'onopang'ono: mu 2003, ku Ramotswa, kumwera kwa Gaborone, a Mosadi Seboko adalongedwa ufumu waukulu wa mtundu wa Balete ngakhale ndi mayi.

Chomwe chikuyesa mphamvu ya bwalo ku Metsimotlhabe ndi kukula kwa mzinda. Kalembera wa 2001 adapeza anthu pafupifupi 4,000 m'mudziwu. Pofika 2011 chiwerengero chidali chitapitirira 8,000. Ambiri mwa obwerawo amagwira ntchito ku Gaborone, amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, ena ndi alendi chabe. Msonkhano ukaitanidwa masana a tsiku lantchito, amene amafika ndi okalamba ndi eni mudzi, pamene mkangano wa malire a puloti kapena wa ng'ombe zodya mbewu umakhudza aja kulibe. Komanso mphamvu yogawa malo idachoka kalekale m'manja mwa mafumu. Lamulo la 1968 lidaipereka ku mabungwe oona za malo, ndipo kuno wogawa ndi Kweneng Land Board. Mfumu imatsala ndi ntchito yozimitsa moto umene idaona ukuyatsidwa kwina.

Motowo udayakapo pafupi pomwepa. Mu 1991 Pulezidenti Quett Masire adakhazikitsa komiti yofufuza za kagawidwe ka malo ku Mogoditshane ndi midzi ina yozungulira mzinda, motsogozedwa ndi a Englishman Kgabo. Lipoti lake litatuluka, wachiwiri kwa Pulezidenti, a Peter Mmusi, ndi nduna ina, a Daniel Kwelagobe, adatula pansi maudindo mu 1992. Amene adalowa m'malo mwa a Mmusi ndi a Festus Mogae. Chochititsa chidwi n'chakuti anthu awiriwa, a Masire ndi a Mogae, atapuma pa upulezidenti adakakhala amkhalapakati kumaiko a nkhondo: a Masire adatsogolera zokambirana za magulu olimbana a ku Democratic Republic of Congo zomwe zidachitikira ku Sun City mu 2002, ndipo a Mogae adayang'anira pangano la mtendere la ku South Sudan kuyambira 2015 mpaka 2018. N'kovuta kukhulupirira kuti kuleza mtima komwe ntchito zotere zimafuna adakuphunzira m'kalasi mokha.

Apa m'pamene alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko a ku Malawi angaime n'kulingalira. Zipolowe za pa 20 July 2011, pomwe anthu pafupifupi 20 adaphedwa, ndizo zidakankha dziko kuti likonze ndondomeko ya mtendere ya 2017, kenaka lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022, lomwe limafuna kuti m'maboma mukhale makomiti a mtendere. Lamulo la malo a makolo la 2016 nalo lidabweretsa makomiti a malo: agulupu ndiwo wapampando, ndipo mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Anthu onsewa amafunika maphunziro. Vuto limadza maphunzirowo akakhala a masiku atatu kuhotela, pomwe mphunzitsi amalemba pabolodi zinthu zimene nyakwawa ndi ankhoswa akhala akuchita chibadwire, n'kuzipatsa maina achilendo. Kumvetsera mbali zonse, kupepesetsa ndi nkhuku kapena mbuzi, kudyetsa okangana m'mbale imodzi, zimenezi amazidziwa. Chimene nthawi zambiri chimawasowa ndi kudziwa pomwe mphamvu zawo zathera malinga ndi lamulo, kusunga m'kaundula zomwe agwirizana, ndi njira yoitanira pabwalo munthu amene sawerengera mfumuyo ngati yake.

Ku Metsimotlhabe munthu woteroyo amabwera pa lole. Kumanga kosalekeza kwa mu Gaborone kumafuna mchenga, ndipo kwa zaka zambiri mtsinjewu wakhala ukukumbidwa, nthawi zina usiku ndi anthu opanda chilolezo. Mchenga ukachoka, madzi a pansi aja amachokanso, magombe amagumuka, ndipo pamatsala maenje omwe amadzaza madzi mvula ikagwa n'kukhala msampha kwa ana ndi ziweto. Kumunsi kwa mtsinje womwewu kuli damu la Bokaa, lomwe limathandiza kumwetsa mzinda womwe ukudya mchengawo. Woweta ng'ombe angathe kupita pa kgotla n'kudandaula mpaka mawu atasasa. Woyendetsa lole uja sakhala m'mudzimo, ndipo amene adamutuma ali kutauni, akudikira kuti amisiri ayambe kuthira simenti m'mawa.