Chichewa cha m'Kanema wa Kamkwamba

Kwathu ku Masasa, mu mzinda wa Mzuzu, kanema amaweruzidwa ndi khutu, diso limadza pambuyo. Eni timanyumba toonetsera kanema amakoloweka chimkuzamawu panja, kotero kuti wodutsa amadziwiratu ngati m'katimo muli zokoma. Ambiri mwa akanemawo ndi akunja, amene anyamata aluso anawamasulira m'Chichewa chapamsewu. Ine ndinakulira m'menemo, ndipo ndi khutu lomwelo ndifuna kunenapo za The Boy Who Harnessed the Wind, kanema amene anatuluka m'chaka cha 2019.

Nkhani yake ndi yathu. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, analekeza sukulu posowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Iye anadziphunzitsa yekha ndi mabuku a m'laibulale mpaka anapanga makina amphepo opukusa magetsi, pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola. Chiwetel Ejiofor, wa ku Britain, anadzajambula kanemayu konkuno ku Malawi, ndipo pa ichi ayenera kuthokozedwa. Fumbi la m'minda, anthu olimbirana chimanga, banja likudya kamodzi pa tsiku, zonsezi anazionetsa mwaulemu. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Koma anthu a m'kanemayo akangotsegula pakamwa, mtima wanga umagwa. Ejiofor mwini wake ndiye bambo wa William. Mnyamatayo ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo mayi wake ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal. Onsewa analoweza Chichewa monga mwana aloweza ndakatulo imene saidziwa tanthauzo: mawu amaduka posayenera, liwu limakwera pofunika kutsika. Akayankhula Lily Banda, Mmalawi mnzathu amene ali mlongo wake wa William, m'pamene khutu limapumako.

Wina asaganize kuti ndikuseka lilime la mlendo. Ku Masasa Chichewa chimatuluka m'kamwa mwa Mtumbuka, Mtonga ndi Mngonde, aliyense ndi kapotokedwe kake, koma pamsika timamvana bwino lomwe. Chondipweteka n'chakuti m'malo ambiri ndinamva nkhaniyo powerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi mwa chithunzi. Nanga mayi amene anadya gaga chaka chimenecho, koma sadziwa kuwerenga Chingerezi, aimva bwanji nkhani ya njala yake yomwe? Apa m'pamene ndimaona kuti kanemayu anaphikira alendo, amene kwa iwo Chichewa chingokoma ngati kulira kwa ng'oma yakutali.

Yerekezani ndi Fatsani, kanema wa Gift Sukez Sukali wa m'chaka cha 2020, wonena za mtsikana wogulitsa nthochi m'misewu ya m'tauni. Pa kuwala kwa zithunzi sangafike pa kanema wa Ejiofor, ndipo pena amalalikira mopitirira muyeso. Komabe akakalipirana anthu m'menemo, umadziwa kuti pakalipiridwa munthu, osayamba wawerenga.

Awiriwa mutandisankhitsa, ndingatengere agogo anga Fatsani. Amene adzajambule nkhani ina ya kuno, kaya ndi mlendo kaya ndi mmodzi wa ife ophunzira, ayambe waonetsa ntchito yake kwa anthu a ku Wimbe popanda malemba a m'munsi aja, aone ngati aseka poseketsa ndi kukhala chete pa maliro.