Lendi ya katundu wa amayi

Ku Migowi, kuseri kwa golosale ina, kuli kachipinda kopanda windo komwe ndinalipira lendi kwa miyezi 29 ngakhale sindinagonemo ndi usiku umodzi womwe. Ogonamo anali makina osokera a Singer, bedi lachitsulo, mtondo, mipando iwiri yandalema ndi bokosi lomwe malemu bambo anabwera nalo kuchokera ku Wenela mu 1974. Eni ake katunduyu anali amayi.

Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Michesi. Napolo wa mu Malichi 1991, uja anakokolola midzi ndi anthu mazanamazana, anadutsa chapatali pang'ono ndi nyumba yathu, moti amayi ankati madzi amawadziwa. Koma Freddy atabwera mu Malichi 2023 sanafunse za chibale. Mvula inagwa masiku angapo osakata, zidina zinamwa madzi, khoma linagwada usiku. Amayi anatuluka ndi nsalu imene anafunda. Kutacha anyamata a m'mudzi anafukula zomwe zikanafukulika.

Ine ndimakhala ku Ndirande m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndi mkazi, ana atatu ndi mlamu. Mtondo ndikauika pati? Achemwali anga ku Zomba anatenga amayiwo, koma malo a bedi lachitsulo analibe. Ndiye tinapeza mkulu wina wa golosale amene anali ndi kachipinda kosungira matumba.

"Achimwene, K8,000 pamwezi basi. Ndikungokuthandizani poti ndi ngozi," anatero.

Ndinathokoza ndi manja awiri. Ndinagula loko, ndinayala matabwa pansi kuopa chinyontho, ndi kuthira mankhwala a makoswe m'makona. M'mutu mwanga inali nkhani ya miyezi itatu: mvula ikatha tiumba njerwa, tiotcha, amayi abwerera pakhomo pawo. Amene anamangapo nyumba ndi malipiro a pamwezi akudziwa mmene miyezi itatu imaberekerana.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Simenti inakwera, malata anakwera, ndipo foni inalira kuchokera ku Migowi. Kuyambira Disembala lendi ikhala K15,000. Ndinayesa kudandaula, mkulu uja n'kundiwerengera masamu ake. Nthawi yokolola nandolo ndi mpendadzuwa, mavenda ochokera ku Limbe amasaka chipinda chilichonse chokhala ndi chitseko ndi denga losadontha, ndipo amalipira osanenerera. Iye ankaluza posunga mtondo wa amayi anga. Zoona zake sindinamuone kulakwa. Chipinda ndi munda wakenso.

Chomwe anthu sakuuza pa zosungitsa katundu n'chakuti lendi ndi mutu chabe, thupi lili pambuyo. Pali thiransipoti yopita kukaona ngati chiswe sichinalowe. Pali kachapamwamba kotumizira ndalama pafoni. Pali kasopo ka mlonda, yemwe sanakulembe ntchito ndiwe koma amakupatsa moni wautali. Ndipo pali tulo. Mitambo ikangoda ku Blantyre, mtima wanga unkakhala uli ku Phalombe, pa denga la mwini.

Lamlungu lililonse ndikaimba foni ku Zomba, amayi asanafunse za adzukulu ankayamba ndi funso limodzi: "Makina anga aja ali bwino?" Makinawo ndi amene anatiphunzitsa sukulu. Ankasoka mayunifolomu pakhonde, Januwale yense phazi lili pa chopondera mpaka dzuwa kulowa. Ndiye ndinkayankha kuti ali bwino, ndawathira mafuta. Nthawi zina linali bodza, ndinali nditatha miyezi inayi osapondako.

Amayi anatisiya mu Juni 2024, njerwa zili pa uvuni wosaotcha. Tinakawaika kwawo, pafupi ndi chibumi cha nyumba yawo ija.

Apa ndiye nkhani inafika povuta kuifotokoza kwa mkazi wanga. Kwathu n'kwa chikamwini. Malo ndi katundu wa mayi zimatsata ana aakazi, ndipo wogawa ndi amalume. Ine mwana wamwamuna ndinkalipirira zinthu zomwe mwamwambo sizinali zanga. Amalume ankati tidikire chaka chithe. Achemwali ankati, "Achimwene, mtima sunakhale pansi, tisatsekule kaye." Ine ndinkavomera msanga, mwina msanga kwambiri. Malinga loko anali pachitseko, kunali malo amodzi padziko pano pomwe zinthu za amayi zinali pamodzi monga anazisiyira. Pa 30 paliponse ndinkatumiza K15,000 ija ngati munthu wopereka chamutu, ndipo zengerezu analinda kwawukwawu.

Anandidzutsa ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 3. Atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, anatenga pensulo n'kuwerengera pamaso panga. Miyezi 8 ya K8,000, miyezi 21 ya K15,000. Zonse pamodzi K379,000, osawerengera minibasi. Sanawonjezere mawu. Anangosiya pepalalo patebulo n'kupita kukatsuka mbale.

Kumapeto kwa Ogasiti 2025 tinakumana ku Migowi: ine, achemwali ndi amalume. Loko anali atachita dzimbiri, tinachita kumuthira mafuta ophikira a m'golosale momwemo. M'kati munali fungo la makoswe. Mipando yandalema chiswe chinali chitadya nsalu n'kusiya mafupa. M'bokosi la bambo tinapeza zitenje zitatu za Mvano, khadi la chipani la nthawi ya Kamuzu ndi malipoti athu a sukulu, omangidwa ndi kansalu.

Amalume anagawa mosachedwa. Bedi ndi mtondo kwa achemwali, bokosi kwa iwo eni poti ankagwirizana ndi mlamu wawo. Atafika pa makina anakhala chete, kenako anati, "Awa apite kwa amene amawalipirira nyumba." Achemwali sanatsutse.

Tisanamalize n'kusesa komwe, mnyamata wina anali ataima kale pakhomo ndi sikelo ndi matumba a nandolo. Ndinapereka chipinda, loko ndinaika m'thumba. Pa siteji kondakitala anayang'ana makinawo n'kunena kuti alipira mpando wathunthu. Ndinalipira, ndipo anakhala pambali panga mpaka ku Limbe.