Manzi kunyumba, madzi pa bolodi

Ambiri a ife amene tikhala mu Lusaka, ku Chawama, Kanyama, Mtendere kapena Garden, tikamati "kumudzi" timanena kutsidya kwa mlatho wa Luangwa. Basi ikangowoloka mlatho uja n'kuyamba kukwera mapiri, mwalowa m'dziko la Ansenga. Coyamba ndi Nyimba, kumene nthoci zimakupezani pawindo musanaganize n'komwe zotsika, kenako Petauke, kumene muyenera kupatuka pa Great East Road kuti mufike pa boma. Ena a ife tinaphunzira komweko kuyambira giredi 1 mpaka 7 tisanabwere m'tauni. Ena tili ndi azing'ono athu kumeneko, kapenanso ana athu enieni amene tinasiyira ambuya cifukwa lendi ya mu Lusaka sigwirizana ndi banja lalikulu. Timatumiza ndalama ya yunifomu pa foni, timafunsa ngati nsapato zikali kukwana, koma kawirikawiri sitifunsa zimene mwana amacita akakhala pansi m'kalasi kuyambira m'mawa mpaka belu yoweruka.

Tsiku limayamba ndi tsace. Ana amafika aphunzitsi asanafike, ena atayenda mtunda wautali, n'kuyamba kusesa bwalo ndi m'kalasi, ena kukatunga madzi pa mjigo. M'masukulu ambiri belu ndi limu yakale ya galimoto yopacikidwa pamtengo, ndipo mnyamata wopatsidwa udindo woimenya amayenda ngati nduna. Pa asembule pali nyimbo ya fuko, pemphero, ndi kuona zikhadabo. Mu June ndi July mphepo imalowa pa mawindo opanda magalasi, zala n'kuuma mpaka kugwira pensulo kuvuta. Mu October malata amatentha moti gulu lamasana limaodzera pofika pakati pa phunziro. Tikuti gulu lamasana cifukwa kumene zipinda n'zocepa, kalasi imodzi imagwira nchito kawiri: ena m'mawa, ena masana, ndipo maola a mwana aliyense amafupika.

Mbali ya tsiku imene timaikumbukira kwambiri ndi ola la kuwerenga. Aphunzitsi amalemba a, e, i, o, u pa bolodi, kalasi yonse n'kuyankha mokweza mpaka a m'cipinda coyandikana kumva. Kenako kumabwera liwu limodzi latsopano, tinene kuti m, n'kulilumikiza: ma, me, mi, mo, mu. Ana amalemba m'mwamba ndi cala, amalemba pamsana pa mnzawo, amatuluka panja kukalemba pamcenga, ndiyeno pomalizira m'buku. Pa zipupa pamakhala mapepala a makatoni amene aphunzitsi anajambulapo okha mbuzi, khasu ndi mphika. Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo Cinyanja cimaithandiza, pakuti cimalembedwa mmene cimamvekera. Mwana akagwira maphatikizo, amatha kuwerenga liwu limene sanalionepo. Cizungu cilibe cifundo cotero. Onani cabe mmene "one" ndi "bone" amalembedwera ndi mmene amamvekera.

Vuto limayamba pamene liwu la pa bolodi silili m'kamwa mwa mwana. Kunyumba ku Petauke ndi ku Nyimba, m'midzi ya mafumu monga Kalindawalo, Mumbi, Ndake ndi Nyalugwe, ana ambiri amakula ndi Cinsenga. Amamwa manzi, amagona m'ng'anda, amathamangitsa imbwa, ndipo akakumana ndi wamkulu amamva kuti "muli tyani". Buku la kusukulu likuti madzi, nyumba, galu, muli bwanji. Boma linasankha zinenero zisanu ndi ziwiri zogwiritsa nchito m'masukulu: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Cinsenga palibe, ndipo cigawo conse ca kum'mawa cinapatsidwa Cinyanja, cimene m'mabuku cimatsamira kwambiri ku Cicewa ca ku Katete ndi Chadiza.

Wina anganene kuti kusiyana kwake n'kocepa, ndipo n'zoona kuti Mnsenga ndi Mcewa amamvana pamsika popanda womasulira. Koma pamsika mumamva nkhani yonse, muli ndi manja ndi nkhope zokuthandizani. Pa ola la kuwerenga mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akufunsidwa cinthu covuta kwambiri: kuswa liwu m'zidutswa ndi kumva kadutswa kalikonse pakokha. Aphunzitsi amaonetsa cithunzi ca galu n'kufunsa kuti liwu loyamba ndi liti. M'mutu mwa mwana cithunzico ndi imbwa, ndiye ayankha kuti i. Wayankha bwino ndithu, koma yankho lofunika linali g. Ndiye pali maliwu monga dz ndi ts amene Cicewa cimakonda. Mwana amene moyo wake wonse wakhala akuti zina, lero akuuzidwa kuti alembe dzina. Iye d uja samumva, ndipo amamusiya. Cizindikiro cofiira cimabwera, ndipo cikabwera kangapo mwana amayamba kukhala kumbuyo, kumene cala ca aphunzitsi sicifika.

Ife a m'tauni tiyenera kuimva msanga nkhani imeneyi, cifukwa Cinyanja cathu ca mu Lusaka cinatenga zambiri ku Cinsenga. Nafenso timati manzi, zina, nifuna. Ndani wa ife sanasekepo atamva wowerenga nkhani pa ZNBC akulankhula cimene timaticha "Cinyanja cozama"? Mwana wa ku Matero amene anatsegula buku la Cinyanja m'giredi 1 anakumana ndi mpanda wofanana ndi wa mwana wa ku Nyimba, kungoti wa ku Matero anali ndi TV ndi zikwangwani za m'misewu zomuzolowetsa zilembo.

Aphunzitsi abwino anapeza kale njira yawo, ngakhale kuti silembedwa m'buku lililonse. Amanena liwu la pa bolodi, n'kufunsa kuti "kwanu mumati bwanji?", ana n'kuyankha, ndipo onse awiri amalembedwa moyandikana. Mwana amaona kuti liwu la amayi ake nalonso lingalembedwe, ndipo tinaona ana osalankhula akukweza dzanja cifukwa ca cimeneci cabe. Koma izi zimafuna mphunzitsi wodziwa zinenero zonse ziwiri. Boma limatumiza aphunzitsi kulikonse kumene kuli malo, conco madamu wokulira ku Kitwe kapena ku Monze angapezeke ali kutsogolo kwa ana a giredi 1 ku Nyimba, iye akuphunzira Cinyanja usiku kuti akaphunzitse m'mawa ana amene amalankhula Cinsenga. Ambiri amayesetsa, ndipo pakatha caka amakhala atagwira. Koma caka cimeneco ndi giredi 1 yonse ya mwana wina.

Nkhani ya cinenero ca m'kalasi yakhala ikupita uku ndi uku kuyambira pa ufulu. Mu 1966 dziko linakhazikitsa Cizungu kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira giredi 1, ndipo makolo athu ambiri anaphunzira motero, kuloweza mawu amene sanali kuwamva. Mu 1996 cikalata ca boma cochedwa Educating Our Future cinavomereza kuti mwana ayambe kuwerenga m'cinenero cimene amadziwa, ndipo kuyambira ca m'ma 1999 kunabwera Primary Reading Programme ndi mabuku a New Breakthrough to Literacy, amene ena a ife tinagwira ndi manja athu. Mu 2014 zinapita patsogolo: maphunziro onse kuyambira giredi 1 mpaka 4 anayamba kuphunzitsidwa m'cinenero ca m'deralo, Cizungu n'kutenga malo kuyambira giredi 5. Ndiyeno ndondomeko yatsopano ya 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, yabwezanso Cizungu kutsogolo kuyambira paciyambi, zinenero zathu n'kutsala zothandizira kufotokoza ndiponso monga phunziro palokha.

Makolo ambiri anakondwera ndi kusintha kumeneku, ndipo sitiwaseka. Mayeso amalembedwa m'Cizungu, fomu ya nchito ili m'Cizungu, ndipo aliyense amaona kuti ana a anthu a ndalama, m'masukulu olipira, sanaleke Cizungu ngakhale tsiku limodzi. Komabe mtima wathu sukhazikika. Mwana wa ku Kabulonga akalowa m'kalasi ya Cizungu amapitiriza zimene anayamba kunyumba. Mwana wa m'mudzi ku Petauke angathe mlungu wonse osamva ciganizo cimodzi ca Cizungu kunja kwa mpanda wa sukulu. Ngati kucoka pa manzi kufika pa madzi kunali kumugwetsa, nanga kufika pa "water"? Cimene cidzacitika m'makalasi ambiri tikucidziwa kale, pakuti n'cimene cinali kucitika m'giredi 5 zaka zonsezi: aphunzitsi adzalemba Cizungu pa bolodi, adzafotokoza m'Cinyanja cosakaniza ndi Cinsenga, ana n'kukopera bwinobwino m'mabuku zinthu zimene sangawerenge okha.

Pa masamu zinthu zimakhalako bwino, cifukwa manja amathandiza. Ana amabwera ndi timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumi khumi, tumiyala, zitsekero za mabotolo, njere za cimanga. Kucotsera kumaoneka ndi maso: masula mtolo umodzi, tenga zitatu, werenga zotsala. Codabwitsa n'cakuti mtsikana amene amathandiza amayi ake kugulitsa nthoci pamsewu ku Nyimba amabweza cenji ya K50 basi ili kale pa moto, osaphonya, ndipo mnyamata wa ku Petauke amadziwa kuti mameda angati a nshawa amadzaza thumba. Ana omwewa akapatsidwa funso lofanana lolembedwa m'ziganizo pa pepala amangoliyang'ana. Masamu ali nawo. Cawatsekereza ndi kuwerenga, ndipo cimawatsata m'phunziro lililonse, sayansi ndi zina zonse.

Kuyambira January 2022 maphunziro ndi aulere mpaka kusekondale, ndipo ana amene anali atakhala pakhomo anabwerera. Ici n'cinthu cacikulu, tisacicepetse. Tikudziwa mabanja amene mtsikana akanakhala atakwatiwa pofika pano. Caka comweco boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, ndipo ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, mbali ina n'kupita ku madesiki. Ife amene tinalemberapo pa bondo titakhala pa njerwa kapena pa thumba la feteleza timadziwa kuti desiki si cinthu camasewera. Koma ana akaculuka, mabuku oconga amaunjikana pa tebulo mpaka aphunzitsi kubisika, ndipo kumva mwana aliyense akuwerenga payekha kumakhala kosatheka. Kalasi ikamayankha pamodzi imamveka ngati yonse yadziwa. Amene akutsogolera mawu ndi asanu kapena khumi a kutsogolo, otsalawo amangotsegula pakamwa pa nthawi yake.

N'cifukwa cake pulogalamu ya Catch Up, imene inayamba kuyesedwa mu 2016 m'zigawo za kum'mawa ndi kum'mwera potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India, imatisangalatsa. Maganizo ake ndi osavuta. Ana a giredi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzi mmodzi, ndipo kwa ola limodzi amaikidwa m'magulu malinga ndi pamene afika, osayang'ana giredi: osadziwa zilembo paokha, odziwa zilembo paokha, owerenga mawu, owerenga ndime, owerenga nkhani yonse. Amakhala pansi mozungulira, amasewera ndi makadi, amalemba ndi coko pa simenti. Mnyamata wamtali wa giredi 5 kukhala ndi tiana ta giredi 3 poyamba amacita manyazi, koma n'koyamba kuti wina amufunse pamene iye analekera m'malo mwa pamene silabasi yafika.

Palinso kalendala ina imene sukulu siilamulira. Mvula ikagwa kwambiri mitsinje imadzaza, ana a kutsidya n'kukhala pakhomo masiku angapo. Nthawi yopalira ndi yokolola manja amafunika kumunda wa cimanga, nshawa ndi thonje. Anyamata ena amasinthana masiku kubusa ng'ombe, ndipo minda ikapsa mbewa nazo zimaitana. Cilala ca 2024 cinaonetsa poyera kuti mwana wanjala samva ma, me, mi. Kumene kunali phala kusukulu, ana anali kubwera. Liwu limene linaphunzitsidwa tsiku limene mwana kunalibe silibwerezedwa, ndipo mpata umenewo amapita nawo m'giredi yotsatira.

Kwa ife, zonsezi zinali kuthera pa mayeso a giredi 7 a Examinations Council of Zambia, aja osankha yankho n'kudetsa kabokosi ndi pensulo, pamodzi ndi Special Paper 1 ndi 2 amene anali kutizunguza mitu. Mwana wosatha kuwerenga angathe kudetsa mabokosi onse mwaukhondo n'kutuluka akumwetulira, ndipo ambuya pafoni adzatiuza kuti "walemba bwino". Tikapita kumudzi pa holide kapena pa mwambo wa Tuwimba, njira yodziwira zoona ndi yaifupi: kumupatsa kapepala kalikonse, ngakhale ka malangizo a pa paketi ya mbewu, n'kumupempha kuti awerenge mokweza ali yekha, kenako afotokoze m'Cinsenga zimene wawerenga. Mu ndondomeko yatsopano pulayimale ndi zaka zisanu ndi cimodzi m'malo mwa zisanu ndi ziwiri, conco ana amene analowa giredi 1 mu 2025 adzatuluka mu 2030 ali giredi 6.