Masekondi 24

Timu yathu ya basketball pakoleji idali ndi nthenda imodzi: wolandira mpira ankaponya pomwepo, ngakhale golo lili kutali. Ambirife tidakulira m'makomboni a mafamu a fodya ku Mashonaland, zidzukulu za Amalawi. Kumeneko mpira udali umodzi, ana khwimbi. Ukapatsira mnzako, sunkaugwiranso. Akochi ankati ndi dyera, koma ine ndimati chidali chizolowezi cha kukomboni.

Mu 2000 bungwe la FIBA lidachepetsa nthawi yoponyera kuchoka pa masekondi 30 kufika pa 24. Chaka chomwecho mafamu adayamba kulandidwa, makolo athu n'kusowa pogwira. Akochi ankafuulabe kuti tidekhe, tipatsirane kanayi tisanaponye. Ife, osadziwa ngati fizi ya teremu yotsatira ipezeka, tinkapatsirana kamodzi, mpira n'kukagunda chitsulo.